Mapu a Bambo Dunstan Msaiwale

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1946 m'mudzi wa Nyakamba, ku Makhanga m'boma la Nsanje, komwe madzi a Ruo amagawikana timifuleni asanathire mu Shire. Makolo awo ankalima mpunga ndi mbatata kudimba. Sukulu anayamba mu 1954 ku Chiromo, ndipo m'dzinja ankapitako pa bwato.

Mu 1966 analembedwa ntchito yojambula mapu ku Blantyre. Kumeneko, pokopera mapu akale a mu 1952, anapezamo mudzi wakwawo: madimba, manda, ngakhale mzere wa migwalangwa womwe unali malire a munda wa bambo awo. Atapempha chilolezo anadzijambulira pepala lawolawo, nalisunga.

Anamanga ukwati woyera ndi mayi Emmie mu 1971. Anapuma pantchito mu 2003. Mayi atatisiya mu 2012, bambo anabwera kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth, kudzakhala ndi mwana wawo, a Gladness, omwe ndi namwino. Ine mkamwini wawo, Harvey, ndinene mosabisa kuti poyamba anavutika. Ankangokhala pawindo kunyumba kwathu ku Ellenbrook, n'kumati asanduka katundu.

Mu Januwale 2015 madzi osefukira anakokolola Nyakamba. Madzi ataphwa, mchenga unali utakwirira malire onse, moti abale anayamba kutengerana zikwanje polimbirana minda. Mng'ono wawo, a Petro, anaimba foni akulira. Bambo anayala pepala lija patebulo lathu lodyera, ndipo kwa miyezi inayi ife tinkadyera pamiyendo. Ankaimbira okalamba mmodzimmodzi kufunsa yemwe ankalima pakutipakuti, iwo n'kumajambula, a Gladness n'kumatumiza zithunzi pafoni. Maso anali atayamba kale kuchita khungu, koma sanaleke. Mabanja makumi atatu ndi limodzi anagwirizana malire popanda kukhetsa magazi, ndipo akulimabe mpaka lero.

Mu Okutobala 2024 anayamba kudwala mtima. Anatisiya m'chipatala pa 18 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 78.

Asiya ana atatu, a Gladness, a Goodwill ndi a Immaculate, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, komanso mng'ono wawo a Petro, omwe akutimvera pafoni limodzi ndi anthu a ku Nyakamba. Tikuthokoza abusa, amayi a mpingo wathu ku Mirrabooka omwe sanatisiye tokha, ndi anamwino omwe ankalowa ntchito m'malo mwa a Gladness kuti iwo adwazike bambo awo.

Bambo Msaiwale, ntchito mwaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.