Tsiku Limene Amuna Anga Anaodira Pakhomo Pawo Pomwe

Aleluya! Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, abale nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Bambo a Tadala, amuna anga, musawerame kumbuyoko, lero ndikutchulani, mufune musafune.

Ambiri mukundidziwa. Ndine mayi uja woyenda ndi chikwama cha nyale za sola, wa malaya achikasu, kuchoka pa Mtakataka mpaka ku Golomoti. Ana ena dzina langa salidziwa n'komwe, amangoti "Amayi a Odi". Ndipo sanama, chifukwa ntchito yanga imayambira pa liwu lomwelo. Ukapanda kuodira pakhomo pa munthu, palibe chimene ungagulitse.

Nditangoyamba, odi wanga ankamveka mpaka kwa aneba. Koma anthu akwathu kuno, inu nomwe, ndinu aulemu kwambiri. Simukana ayi. Mumandipatsa mpando, madzi akumwa, ine n'kufotokoza mpaka kukhosi kuuma, kenako: "Tiona." Ena: "Abambo kulibe." Ena: "Mubwerenso mpunga ukacha ku Bwanje." Mpunga unacha, ndinabwera. "Aa, mubwerenso tikagulitsa." Mukuseka? Ena mwa inu mwakhala pompano!

Dzuwa lakunoli mukulidziwa. Kuyenda tsiku lonse, madzulo foni ya abwana: "Mwagulitsa?" Pang'ono ndi pang'ono mtima unayamba kuzizira. Sindinadwale ayi, thupi linali bwinobwino, koma m'mawa ndikayang'ana chikwama chija, sindinkafuna n'kuchinyamula komwe. Tsiku lina cha ku Mua ndinaima pakhomo pa munthu, chitseko chili chotsegula, wailesi ikulira m'katimo. Ndinatsegula pakamwa. Odi osatuluka. Abale, osatuluka! Ndinatembenuka ngati wakuba n'kubwerera kunyumba.

Abwana anandiuza mosabisa kuti mwezi ukatha chonchi, ndikabweze chikwama ndi malaya. Chikhalirecho ntchito imeneyi ndi imene ikuphunzitsa mwana wathu Tadala ku sekondale. Ndinkadziwa zimenezo, koma mphamvu ndinalibe. Pemphero langa linafupika, linangotsala "Ambuye, ndatopa." Basi. Ngakhale pa ameni sindinkafika.

Tsono amuna angawa mukuwadziwa, munthu wosayankhula. Pondifunsira anaima pamjigo mpaka ndowa yanga kusefukira, mawu osatuluka, ndinachita kuwathandiza ndine. Masiku onse a vuto langawo sanandifunse kanthu. Ankangondiyang'ana, n'kunyamula khasu, ulendo kumunda.

Tsiku lina m'mawa ndakhala m'nyumba, ndikungoyang'ana khoma, ndinamva panja: "Odi! Odi kuno!" Ndinati ndani ameneyu wofuula chonchi? Kutuluka, ee! Bambo a Tadala. Avala malaya anga achikasu aja, owathina, mchombo uli panja, chikwama paphewa. Akuodira pakhomo pawo pomwe.

"Mayi, ndabwera ndi malonda."

Ndinati, "Malonda anji, bambo?"

Anatulutsa nyale, n'kuigwira chozondotsa. "Iyi ndi nyale. Imayaka." Thukuta lili kamukamu. Kenako: "Ikazima... imayakanso."

Ndinaseka, abale, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Ndinati, "Tiona, mubwerenso mawa." Mawa lake anabweradi! Malaya omwewo, odi yemweyo. Tsiku limenelo anandiuza kuti nyaleyo amaitchaja pamoto. Pamenepo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinawalanda nyaleyo. "Iyayi, mukuwononga malonda! Kambale ka sola aka mumakaika padzuwa, apa m'potchajira foni, mwana amawerenga osatsokomola ndi utsi wa koloboyi." Ndinayankhula, ndinayankhula, mawu akungobwera okha. Potembenuka, aneba adzaza kumpanda, akumvetsera. Amayi ena anatenga nyale tsiku lomwelo.

Amuna anga anavula malaya aja, n'kundipatsa, n'kunena chapansipansi: "Ine odi wandivuta. Ndi wanu uyu, tengani."

Ndinalira, abale. Ndinalira pamaso pa anthu onsewo. Ndinaganiza kuti, kodi Ambuye nawonso akhala akuodira pakhomo pa mtima wanga zaka zingati, ine ndikungowauza kuti tiona, mubwerenso? Koma sanatope nane. Ndipo ine nditasowa mawu, anatuma munthu wosayankhula kuposa onse m'mudzi muno kuti adzandiodirire.

Chikwama sindinabweze. Tadala ali kusukulu. A "tiona" alipobe, sanathe ayi, koma tsopano ndikamva ndimangoti chabwino, ndibweranso, ndipo ndimabweradi.

Zikomo Yesu. Zikomo bambo a Tadala, malaya aja munawakulitsa koma ndakukhululukirani. Tsono mpingo, sangalalani nane. Ndiodira pompano, ndipo wina asandiuze kuti tiona. Amayi, konzekerani nthungululu.

Odi kuno!