Mphuno ya Malemu Killion Longwe

Malemu Killion Peter Longwe anabadwa pa 14 Malichi 1969 konkuno ku Kande, m'dera la Mfumu Yaikulu Fukamapiri, m'boma la Nkhata Bay. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Wyson Kachingwe wa ku Ntcheu, wophika pa loji imene malemuwa ankagwirapo ntchito. Mundilole ndiwerenge m'Chichewa, pakuti Chitonga changa Ada Longwe anachiseka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chakwana. Akubanja anandipatsa maina ndi masiku oti ndiwerenge. Koma ndawonjezeramo chinthu chimodzi chimene akubanja sakuchidziwa, ngakhale akazi awo. Ndimachidziwa ndine ndekha, ndipo ndichinena ndikafika pamalo pake.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira ku Bandawe, ndipo mayeso a JC analembera ku Chintheche mu 1987. Sanapitirize chifukwa bambo awo anamwalira chaka chomwecho. Anayesako usodzi miyezi inayi, koma bwato linkawasanzitsa, mwana wa ku Kande weniweni! Ndiye amalume awo anawatengera ku Mzuzu, kumene anakaphunzira ntchito ya mipope.

Mu 1994 anamanga ukwati woyera ndi mayi Bertha, Ama NyaManda a ku Mpamba.

Pa loji anayamba ntchito mu 2003, ndipo masiku opuma ankayenda m'makomo kukonza zimbudzi zamadzi. Chimbudzi chikamangotaya madzi osaleka, ena ankathamangira kunena kuti gulani thanki yatsopano. Iwo ayi. Ankachotsa chivundikiro, kupinda pang'ono kachitsulo ka mpira woyandama uja, kapena kudula labala pa chubu chakale cha njinga, basi madzi aleka. Koma akapeza matewera kapena nyuzipepala m'paipi, ee, ankakalipa osayang'ana nkhope, kaya ndi bwana kaya ndi abusa.

Gasi wophikira atayamba kufala m'makomo, iwo ndi amene ankaitanidwa kukalumikiza masilinda. Ambiri muli pano munawamva akunena kuti, "Mukamva fungo musayatse machesi, musakhudze swichi. Tsekani silinda, tsegulani mawindo, tulukani." Molumikizira monse ankapakamo thovu la sopo kuti aone ngati likufufuma. Koma chida chawo chachikulu chinali mphuno. Ankangoima pakhomo la khitchini yanga n'kunena kuti gasi akutuluka, ine wokhala momwemo ndisanamve kanthu.

Mu mpingo wa CCAP anali a Madodana, gulu la abambo, ndipo mu 2010 anasankhidwa kukhala dikoni. Zimbudzi za kunyumba ya abusa ankakonza ulere, akung'ung'udza.

Mu Januwale 2021 anadwala Kovidi. Anachira, tonse tinayamika Mulungu. Patatha mwezi ndinawapeza akumwa tiyi m'khitchini mwanga, anyezi akupserera kumbuyo kwawo, iwo osatembenuka n'komwe. Nditawafunsa, anandikokera kuseri n'kundiuza kuti, "Achimwene, mphuno yafa. Sindikumva kanthu, ngakhale chimbudzi chodzadza. Musauze munthu. Ndani angaitane wa gasi wosamva fungo?" Ndinafunsa kuti nanga Ama kunyumba. Anati, "Makamaka iwowo. Andiletsa ntchito."

Ndinavomera, abale anga. Kuyambira pamenepo mphuno yawo ndinali ine. Lolemba lililonse poyendera masilinda a pa loji ndinkawatsatira nditanyamula ndowa ya sopo, ndipo ndikamva fungo ndinkatsokomola. Anzathu ankatiseka kuti wophika wasanduka kapitawo wa zimbudzi. Nafenso tinkaseka, tikudziona ochenjera. Zaka zitatu zathunthu! Ndinali chitsiru, ndikunena pamaso panu nonse.

Loweruka pa 8 Juni chaka chino anaitanidwa kukakonza chimbudzi kunyumba ya mphunzitsi wina wopuma ntchito ku Chintheche. Eni nyumba anali paulendo, makiyi anasiya kwa oyandikana nawo. M'mawa Ada Longwe anadzera kwathu kuti tipitire limodzi. Linali tsiku langa lopuma, ndipo ndinachita ulesi. Ndinawauza kuti, "Ada, si chimbudzi chabe? Kumeneko mphuno yakufa ndi mwayi." Tinaseka. Anakwera kabaza n'kupita okha.

Nyumbayo inali yotseka masiku awiri. Silinda inasiyidwa yotsegula, ndipo makoswe anali ataboola paipi yake ya labala. Odziwa ntchito ya mipope akudziwa kuti paipi ya pulasitiki amaifewetsa pamoto kuti ilowe mu inzake. Ada Longwe analowa m'khitchini paipi ili m'manja, nayatsa machesi.

Oyandikana ndi nyumbayo anawatulutsa atapsa kwambiri. Anathamangira nawo kuchipatala ku Chintheche, kenako anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, kumene anagona masiku asanu ndi anayi. Nditapita kukawaona, chimene anandifunsa n'chakuti kodi chimbudzi cha aphunzitsi chija wamaliza ndani. Anamwalira Lolemba pa 17 Juni 2024, ali ndi zaka 55.

Chichitikireni ngoziyi ndakhala ndikumva manong'onong'o. Mukufunsana kuti katswiri ngati ameneyu anayatsa bwanji moto m'nyumba yodzadza gasi. Ena mwati analedzera. Sankamwa mowa, mukudziwa. Ena mwati pali dzanja la munthu, mpaka mwaloza eni nyumba aja. Alekeni, ali pano akulira nafe. Palibe amene anawalodza Ada Longwe. Sanamve fungo, ndipo munthu amene akanalimva anali atagona pa mkeka kwake.

Ama NyaManda, zaka zitatu amuna anu ankayamikira kununkhira kwa ndiwo zanu asakumva fungo lililonse. Mukanadziwa, mukanawabisira chikwama cha zipangizo, kapena mukanawapatsa mwana woyenda nawo, ndipo bwenzi lero akukukalipirani ali moyo. Ine ndadya m'nyumba mwanu kosawerengeka, osakuululirani. Ndinkati ndikuteteza ntchito ya mnzanga. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero, ndikungofuna kuti mudziwe.

Malemuwa asiya mkazi wawo, mayi Bertha NyaManda, ana anayi, Felix, Queen, Khumbo ndi Olive, zidzukulu zitatu, azichemwali awiri ndi mng'ono wawo mmodzi.

Ada Longwe, munandipempha kuti ndisauze munthu. Lero ndauza Kande yense, koma ndachedwa ndi zaka zitatu.

Mzimu wawo upumule mu mtendere wa Ambuye.