Mfuti Nambala 7 pa Kanema wa ku Ngala

Polisi ya Kotakota, Lachiwiri, 21 Sepitembala 1954

Ine, Yakubu Msusa, wa zaka 39, wa ku Ngala, dera la Kanyenda, boma la Kotakota, msodzi, kale kopolo wa asilikali a Keyala, ndikunena izi:

Lolemba pa 6 Sepitembala kunafika malole awiri ku Ngala. Munali azungu anayi ojambula kanema, antchito awo, ndi Konsitebulo Fidelis Nkhoma wa kuno ku Boma. Anamanga matenti pafupi ndi gombe. Anati akujambula kanema wa nkhondo ya Jeremani ya 1914, ndipo akufuna amuna 24 oti avale ngati asilikali. Atamva kuti ndinamenya nkhondo ku Bama, anandipatsa ntchito yophunzitsa amunawo kuguba ndi kugwira mfuti.

Mkulu wa azunguwo tinkamutchula Bwana Chipewa. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Wosunga kiyi wa bokosi la mfuti anali Bwana Denisi, wamtali, watsitsi lofiira, wa zaka ngati 25.

Mfuti zazitali zinalipo 12, zonse za 303. Zisanu ndi imodzi zinali za polisi, zinazo zakale za Keyala zochokera ku Zomba. Iliyonse anailemba nambala ndi penti woyera pamtengo wake. Panalinso mfuti yachiwaya imodzi yochotsedwa msomali, yosalira, ndi kamfuti ka m'chiuno. Zipolopolo za kanema zinali zopanda mutu, za wonga wokha, kukamwa kwake kopindidwa. Zimangolira ndi kutulutsa utsi. Konsitebulo Fidelis ankawerenga mfuti m'mawa ndi madzulo. Ine ndinkatsegula iliyonse, kuyang'ana m'kati, n'kuikamo zipolopolo zisanu za wonga ndisanaipereke kwa munthu.

Lachitatu pa 15, cha m'ma 3 koloko masana, Bwana Denisi anandiuza kuti ndimupalasire bwato, akufuna kuwombera ng'ona. Anatenga mfuti nambala 7, imodzi mwa za polisi. Konsitebulo Fidelis panalibe nthawi imeneyo. Tinapita kumathiriro a kamtsinje, ngati mailo imodzi kumpoto. Bwana Denisi anatulutsa m'thumba la malaya zipolopolo zisanu zenizeni, zamitu, n'kuziika m'mfutimo ine ndikuona. Anawombera kawiri ng'ona ili pamchenga, kamodzi itathawira m'madzi, kamodzi pachitsa cha mtengo. Ndinawerenga kanayi.

Tikubwerera ndinati, "Bwana, chatsala chimodzi m'katimo."

Anayankha m'Chingerezi, chimene ndimamva, kuti, "Ndikudziwa. Ndikachotsa kutenti."

Madzulo ake Konsitebulo Fidelis anawerenga mfuti 11 m'bokosi. Atafunsa, Bwana Denisi anamuonetsa nambala 7 ili pakama pake, n'kunena kuti akuitsuka.

Lachinayi pa 16, 7 koloko m'mawa, ndinatsegula mfuti 11 zija n'kuikamo za wonga monga mwa masiku onse. Nambala 7 munalibe m'bokosi.

Amuna 12 a mbali ya Angerezi anagona chafufumimba kuseri kwa matumba a mchenga. Enawo, a mbali ya Jeremani, anali m'bango, mayadi 60 kuchokera pamatumbapo, atanyamula mfuti zosema zamitengo. Pakati panali bwato lovundikiridwa, mayadi 25 kuchokera pamatumba. Lazaro Longwe, msodzi wa ku Ngala komweko, mmodzi wa a m'bangowo, anauzidwa kuti athamange patsogolo pa anzake n'kukagwa pabwatopo ngati wawomberedwa. Ramadhani Juma, msodzi mnzake, wa mbali ya Angerezi, anagona kumapeto kwa matumba, kudzanja lamanja, makina ojambulira ali kuseri kwa phewa lake. Lazaro ndi Ramadhani akhala akukoka khoka limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinamvepo kuti anayambana.

Ine ndinali nditawaphunzitsa onse kuti aziloza pamwamba pa mitu. M'mawa umenewo Bwana Chipewa anagwira yekha mkono wa Ramadhani n'kumuonetsa kuti aloze pachifuwa pa Lazaro, chifukwa akaloza m'mwamba anthu oonera adzadziwa kuti n'zabodza. Ananenanso kuti aliyense awombere mpaka mfuti yake itasiya kulira. Mawu amenewa ndinawamasulira ndine.

Cha m'ma hafu pasiti 8, Bwana Denisi anabwera akuthamanga kuchokera kutenti, nambala 7 ili m'manja, n'kuipereka kwa Ramadhani.

Ndinati, "Bwana, ndiione kaye."

Anati, "Ndaikamo kale zisanu. Tachedwa."

Bwana Chipewa anakuwa kuti aliyense achoke patsogolo pa makina. Ndinachoka. Sindinaumirire. Ndinakaima mayadi khumi kumbuyo kwa Ramadhani.

Pinto yoyambira italira, a m'bango anatuluka akuthamanga. Mfuti zonse zinalira kasanu kasanu n'kukhala chete. Ya Ramadhani inalira kachisanu ndi chimodzi. Kulira kwake kunali kosiyana, kouma, ndipo ndinaona phewa lake likukankhidwa. Chipolopolo cha wonga sichikankha phewa chotero. Lazaro anagwa chagada, kutatsala mapazi atatu kuti afike pabwato.

Bwana Chipewa anawomba m'manja n'kukodola kuti enawo apitirize kuthamanga. Anzake a Lazaro awiri anamulumpha. Ine ndinathamangira pamene anagwapo. Bwana Chipewa anandikuwira kuti ndichoke, ndikuwononga chithunzi. Makina anapitiriza kuzungulira mpaka nditang'amba malaya a Lazaro n'kukweza dzanja langa lili ndi magazi.

Bala linali kumanja, pansi pa bere, ndipo chipolopolo chinatulukira kumsana. Ndinamanga ndi malaya anga ndi nsalu zokulunga m'miyendo. Ramadhani anasiya mfuti pamatumba, anabwera n'kuika mutu wa Lazaro pamiyendo pake. Bwana Denisi anaima patali, kenako analowa m'tenti.

Pamene ankakonza lole, ndinapita pamene Ramadhani anagona. Ndinatola zigoba za zipolopolo zisanu ndi chimodzi. Zisanu zinali zong'ambika kukamwa, za wonga. Chimodzi chinali chosalala kukamwa. Ndinazipereka zonse kwa Konsitebulo Fidelis pomwepo, ndipo iye anazimanga m'mpango n'kuika nambala 7 payokha. Munthu akaika zipolopolo zisanu pamwamba pa chimodzi chotsalira, chotsaliracho chimatuluka pomaliza. Izi ndinaphunzira ku Keyala.

Lole inanyamuka 9 koloko itapitirira pang'ono. Kumbuyo tinalimo ine, Ramadhani, Konsitebulo Fidelis ndi Lazaro, titamugoneka pamakhoka. Mkazi wa Lazaro, Esitere, anali kumunda wa chinangwa. Sitinamudikire. Titawoloka Dwangwa, Lazaro anapempha madzi. Ndinangomunyowetsa milomo. Kenako anayang'ana Konsitebulo Fidelis n'kunena kuti, "Musam'mange mnzangayu. Analoza pamene anamuuza." Anamwalira tisanafike pa Bua, dzuwa lili paliwombo. Tinafika ku Boma cha m'ma 3 koloko. Mtembo unalowa kuchipatala, Ramadhani anatsala kuno ku polisi. Ine ndinabwerera ndi lole yomweyo.

Loweruka pa 18, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Bwana Denisi anabwera yekha kunyumba kwanga. Anandipeza ndikusoka ukonde pakhonde. Anati apolisi akadzafunsa ndidzanene kuti mfuti zonse 12 ndinatsegula ndine ndipo zinali bwino. Anati mwina Ramadhani ali ndi zipolopolo zake zophera mvuu. Anatinso za ng'ona zija zilibe ntchito pankhaniyi.

Ndinati, "Bwana, ndinatsegula 11."

Anati, "Ndiye udziwe kuti ntchito yoyang'ana inali yako. Adzamanga iwe."

Ndinati, "Ndamva, Bwana."

Ramadhani ndimamudziwa kuyambira ali mwana. Alibe mfuti, ndipo bambo ake analibe. Mfuti anayamba kuigwira pa 7 Sepitembala, ndinamugwiritsa ndine.

Mtembo unabwera Loweruka madzulo. Tinaika Lamulungu pa 19. Azungu sanabwere kumaliro.

Lolemba pa 20, cha m'ma 7 koloko m'mawa, azungu anagwetsa matenti. Ndinaona zitini zozungulira zosungiramo kanema zikulowa m'bokosi lachitsulo, m'lole yakutsogolo. Esitere anafika pamsewu atabereka mwana wake wamkazi, Rute, wa chaka chimodzi. Anandifunsa kuti, "A Yakubu, bambo a Rute ali m'zitinimo?"

Ndinati, "Alimo."

Anati, "Muwauze azunguwo akamaliza adzatibweretsere tidzaone. Chithunzi chawo china tilibe. Mwanayu sadzawadziwa nkhope."

Ndinapita pazenera la lole n'kumuuza Bwana Chipewa mawu amenewo m'Chingerezi. Anayang'ana Esitere, anayang'ana mwana, n'kuuza dalaivala kuti ayende. Malole analowera msewu wakumwera. Esitere anandifunsa chimene mzunguyo wayankha. Ndinati sanayankhe. Anakhalabe chiimire pamsewupo.

Ine ndinabwereka njinga, ndinagona panjira, ndafika kuno lero m'mawa. Palibe amene wandiitana.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo alemba monga ndanenera.

Wosaina: Yakubu Msusa ______________
Wolemba umboni: Sajeni R. Kaphaizi ______________