Zeze wa Agiriki wandilanditsa gitala

"Ndiye upite ukadye ndalama ya Agirikiyo!" anatero adadi, atagwira gitala yanga pakhosi ngati mbava.

Omvera anzanga, ine ndangomaliza sukulu kuno kunja, ku Lewisham, ndipo ndikufuna kukaphunzira zoimba ku koleji. Adadi akuti ndikaphunzire unesi basi. Takangana kamiliyoni.

Loweruka ku myuziyamu ndinaona kandalama kasiliva ka Agiriki akale, pali zeze wa mulungu wawo wa nyimbo. Ndinakajambula pa foni n'kuthamangira kunyumba, moti ngakhale basi yapamsewu ndinaisiya m'mbuyo. Ndati, "Adadi onani, anthu anzeru ankaika nyimbo pa ndalama. Nanga jakisoni wa anesi munamuonapo pa kobiri inu?"

Iwo anawerenga timawu ta m'munsi mwa kandalamako pa chithunzicho, tomwe ine ndinadumpha. "Akuti zezeyu ankamupanga ndi chigoba cha fulu. Kuti wina aimbe, wina ankafa. Fuluyo m'nyumba muno ndine, ndi mashifiti angawa."

Gitala aikiyira m'wadirobu. Mtima unandiwawa moti ndinanyanyala chakudya maminitsi fote athunthu.

Ndinapositi nkhani yonseyi pa intaneti, n'kuti adadi ndi adani a luso. Mnzanga wayankha kuti, "Aise, fulu amakhala zaka handiredi. Gitalayo uiiwale."