Abwampini Ophunzira

Uzoamaka anachenjeza mwamuna wake tsiku lomwe anafika ndi khola la abwampini kunyumba kwawo ku Enugu: "Tobenna, amayi anga akubwera kudzandisamalira uchembere. Abwampiniwa musawasiye pakhonde." Tobenna anangoseka. Kuyunivesite aphunzitsi anali atanyanyala ntchito, zipata zokhoma, ndipo abwampini anayi omwe wakhala akuwaphunzitsa zaka ndi zaka kukumbukira njira m'bokosi lokhotakhota analibe kwina kogona. Digiri yake ya udokotala pa sayansi ya ubongo inali m'mitu mwawo.

Madzulo ena, apongozi akewo atafika kale, atangotha kudya, Tobenna anatuluka ndi mtedza kukadyetsa ziweto zakezo. Anabwerako akuthamanga. Uzoamaka anakumbatira khanda lake, maso pa mphika.

"Amayi, m'khola mwatsala mmodzi!"

"Eya, woonda uja," anatero apongozi akewo, Mama Obiageli, akutokosa m'mano. "Ameneyo ndi wamawa."

"Wamawa wa chiyani?"

"Aa! Mwana wanga akuyamwitsa. Azidya chiyani, mabuku anuwo?"

"Mwa... mwaphika?"

"Ndi chilazi, tsabola wokwana bwino. Ndimati koma mkamwini wanga ngwaulemu, kusungira ntchembere nyama yamoyo!"

"Amene aja si ndiwo, amayi! Ndi kafukufuku!"

"Kwathu timati bwampini."

"Anali ophunzitsidwa!"

"Ndaona ndithu. Khalidwe! Kungotsegula khomo, abwera okha m'manja mwanga. Akumudzi amaluma."

Tobenna anagwira mutu ndi manja onse. "Amatha kukumbukira njira yokhota kambirimbiri osasochera!"

"Koma yothawira ndiye sanaikumbukire."

"Ntchito imeneyi ndi yoti idzathandize okalamba amene amaiwala."

"Wokalamba ndani? Ine?" Mayiwo anakonza duku. "Ine sindiiwala, bambo. Tsiku lodzapereka malowolo munati chaka chamawa mukhala dokotala. Ndinavina mpaka nsapato kuduka. Ndakuonetsani bondo langali, akuti ayi, si dokotala wa mabondo. Mutu ukandiwawa, akuti ayi, si wa mitu ya anthu. Kumudzi akandifunsa ndiziti chiyani? Dokotala wa makoswe?"

"Si makoswe!"

"Pepani, a makoswe a kuyunivesite. Nanga akamaliza sukuluyo amatani? Amalembedwa ntchito m'boma?"

"Pomaliza... timawapha."

"Ohoo!" Mama Obiageli anaomba m'manja, khanda n'kudzidzimuka. "Wamva, Uzoamaka? Munthu kundikalipira chonsecho ndamugwirira ntchito yake yomwe!"

"Timawapha mwa dongosolo! Kenako timachotsa ubongo n'kuupima pa makina. Chofunika ndi mitu basi." Anaima kaye, nkhope ikuwala pang'ono. "Mitu! Mwaitaya kuti? Kudzala? Mwina apulofesa angathe kupulumutsapo kanthu."

Uzoamaka anaweramitsa nkhope. Iye anaona mbale iliyonse mmene inachokera kukhitchini.

"Kutaya mutu? Mukundiyesa wopanda mwambo ine? Mutu ndi wa mwini nyumba."

"Chabwino, ndine mwini nyumba. Ndipatseni."

"Kawiri?"



"Ndinaiswa bwinobwino kuti musavutike," anapitiriza mayiwo. "Inu maso pa kompyuta, dzanja m'mbale. Kuyamwa mafupa kwake! Mpaka munati, 'Amayi, nyama yakumudzi ndi ina.' Munaonjezeranso msuzi."

Tobenna anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja pamimba.

"Ndiye mukulira chiyani? Ubongo wonse uli mwa inumo, sunatayike ndi pang'ono pomwe. Pitani akakupimeni pa makinapo."

Uzoamaka anabisa nkhope m'nsalu ya mwana. Sankadziwa ngati chikumugwedeza mapewa ndi kulira kapena kuseka.

Patapita kanthawi Tobenna anadzuka, natenga khola pakhonde n'kulilowetsa kuchipinda, bwampini woonda uja akusuzumira. Anabwerera n'kuima pakhomo.

"Uzoamaka, ndilongedzere chikwama. Ndinyamuka kusanache, amayi asanasonkhe moto. Wotsalayu ndikamusiya kwa apulofesa."

"Apo ndiye mwaganiza ngati munthu wophunzira," anatero Mama Obiageli akudzuka ndi bondo lawo lija. "Kwa aphunzitsi sapitako chimanjamanja. Dikirani ndiwamangire tsabola wake."