Mbiri ya Malemu Jailos Kalimanjira, Mwini Beseni la Pa Bulu

Abale, anansi, akumpingo ndi nonse amene mwabwera kudzaperekeza, amene agona patsogolo pathupa ndi bambo Jailos Kalimanjira, Angozo, obadwa pa 12 Malichi 1966 m'mudzi mwa Chimwala, dera la Ganya, m'boma la Ntcheu. Tisanafike ku za sukulu ndi ntchito, pali nkhani imodzi yoti tiitchuliretu, pakuti ambiri mwakhala mukuinong'ona sabata yonseyi. M'chaka cha 2002, mu bala ina ya kuno ku Lewisham, kutsidya lino la nyanja, malemuwa anapangana ndi mnzawo wa paubwana, Biswick Chagunda, amene akukuwerengerani mbiriyi, kuti mmodzi akadzatsogola, wotsalayo adzamunyamule kukamuika kumudzi kwa mayi ake. Panganolo analilemba kuseri kwa kakatoni koikapo tambula ya mowa, onse awiri n'kusainira. Kakatoniko kakadalipo.

Malemu anali wachinayi mwa ana asanu ndi awiri. Anayamba sukulu mu 1973 pa mishoni ya kwawo, ndipo mu 1982 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko ku Dedza. Kumeneko anyamata asanu ndi mmodzi ankadyera mbale imodzi, ndipo amphamvu ankasesa ndiwo pamwamba, wochedwa n'kupeza zouma. Biswick ankachedwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mabuku. Koma akakumba pansi pa mgaiwa ankapeza nyemba zake zitakwiriridwa pamenepo, a Jailos ali phee ngati sakudziwapo kanthu.

Anaphunzira unamwino ku Blantyre kuyambira 1987 mpaka 1990, ndipo anagwira ntchito m'zipatala za boma ku Ntcheu ndi ku Mangochi zaka khumi ndi chimodzi. Mu 1994 anamanga ukwati woyera ndi mayi Ivy Mulauzi a ku Zomba, namwino mnzawo. Mu 2001, pamene dziko lino linkasaka anamwino kwathu ngati mbewa m'mapesi, banjali linabwera kuno ndi mwana wawo woyamba, Themba. Wachiwiri, Chiyembekezo, amene tonse timangoti Chiye, anabadwira konkuno. Makolowa anabwera akunena kuti akhala zaka zisanu. Tonsefe tinanena zomwezo.

Malemu anagwira ntchito m'chipatala zaka khumi ndi zinayi, kenako m'nyumba yosamalira okalamba zaka zisanu ndi zinayi. Anasambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo anawatseka maso ndi dzanja lawo, eni ake ali kutali. Mayi awo owabereka atamwalira mu 2006, iwo anali pa shifiti, ndipo maliro anawamvera pa foni, ataima panja pa chipatala, mvula ikuwaza.

Mbiri ya munthuyu singathe osatchula bala ija. Pakhomo pake panali chithunzi cha hatchi yoyera, koma wojambulayo anaipatsa makutu aatali, choncho Amalawi tinkangoti Pa Bulu. Lachisanu lililonse, otuluka pa shifiti ya masana ankakumana pamenepo ndi opita ku ya usiku: anamwino, alonda, oyendetsa mabasi, ana a sukulu amene sukulu yake sitinkaiona. Kumeneko ndi kumene munthu wongotsika ndege ankauzidwa kokwerera basi, kogula jekete yotsika mtengo ndi mawu oti asamayankhe abwana. Malemu ankamwa tambula imodzi yokha, ndipo inkawatengera maola atatu.

Chimene chinkawakokera kumeneko chinali nachosi: tizidutswa ta chimanga tokazinga, tothira tchizi, nyemba, nyama yogaya ndi tsabola. Ankanena poyera kuti chimenecho si chakudya, n'chongopusitsa m'kamwa. Koma ankatinso m'dziko lonse lino, limene aliyense amadya payekha atatchinga mbale yake ndi mpeni ndi foloko, ndi chakudya chokhacho chimene anthu amaika pakati n'kudya ndi manja. Tsiku loyamba kuchiona chikubwera pa tebulo, anadzuka kukapempha madzi osamba m'manja. Mwini bala, mayi Noreen a ku Ireland, anawalozera kuchimbudzi. Malemu anafotokoza mwaulemu kuti kwathu munthu sachokera kuchimbudzi kubwera ku mbale ya anzake. Lachisanu lotsatira anabwera ndi beseni labuluu, jagi ndi thawulo m'chikwama chawo cha kuntchito. Anazungulira tebulo akuthirira aliyense, kuyambira wamkulu, bala yonse ikuyang'ana. Mayi Noreen anaseka mpaka misozi, kenako anakhoma msomali kuseri kwa kauntala, ndipo beseni lija linakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri. Pofika chaka chachitatu, nawonso a ku Jamaica ndi a ku Ireland ankatambasula manja awo.

Lamulo lawo la nachosi linali limodzi: ndiwo zifike pansi. Ophika ambiri amaunjika chimanga, n'kupaka tchizi pamwamba pokha kuti maso akhute. Malemu ankayenda ndi supuni m'thumba la jekete. Mbale ikafika ankakumba kaye pakati, ndipo akapeza pouma ankati, “Awa amaphikira ofika msanga. Nanga wa shifiti yochedwa adya chiyani, makoko?” Anaivutitsa khitchini ya Pa Bulu mpaka wophika anaphunzira kuyala chimanga, ndiwo, chimanga, ndiwo, ngati womanga nyumba.

Pa za mpingo, malemu anabatizidwa ku CCAP mu 1980, ndipo kuno anali m'gulu la oyambitsa mapemphero a Chichewa ku Tottenham. Ankaimba besi, ndipo ndi amene ankafika oyamba kudzayala mipando. Sanasankhidwepo kukhala mkulu wa mpingo. Chifukwa chake akulu a mpingo akuchidziwa, ndipo ena mwa iwo malemu anawathirirapo madzi m'manja Lachisanu.

Mu 2009 mapepala a Biswick anatha, ndipo anabwerera kumudzi kukaphunzitsa, kakatoni kaja kali m'kati mwa buku. Anakhala zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osapondanso kuno. Mu 2014 Pa Bulu panatsekedwa. Biswick anapitako dzana kukaona. Pali nyumba zagalasi zogonamo anthu osapatsana moni, ndipo pansi pake akugulitsa khofi kwa achinyamata oyang'ana mafoni. Hatchi ija anaisiya pakhoma, akuti ndi mbiri ya dera. Makutu anawakonza.

Beseni lija malemu analitenga. Kwa zaka zitatu, tsiku lililonse lopuma, ankakwera sitima kusaka pokalipachika. Anafika ku Wembley, kumene anati nachosi wake ndi wa anthu othamangira mpira, woti sungamukumbukire mawa. Anafika m'mabala a pakati pa tauni, kumene mbale imabwera yaying'ono ngati ya mgonero, woperekerayo n'kumakufotokozera dzina la ng'ombe. Mayi Ivy ankati, “Bambo a Themba, anzanu akusaka mapuloti ku Area 49, inu mukusaka tchizi.” Iwo ankangoseka, n'kupukuta supuni yawo. Mu 2017 anapeza kabala kakang'ono kunsi kwa mlatho wa njanji, konkuno ku Lewisham, kumene matambula amanjenjemera sitima ikamadutsa. Wophika wake, wa ku Colombia, ankayala ndiwo mpaka pansi popanda womuuza. Malemu anakumba, anayang'ana, n'kubweza supuni m'thumba. Msomali anabwera nawo okha.

Mu Epulo chaka chatha anayamba kuvutika kumeza, ndipo madokotala anapeza khansa ya kummero. Monga namwino, anadziwa zimene zinkabwera. Analandira thandizo miyezi isanu ndi inayi. Ngakhale pamene sankathanso kudya, Lachisanu ankapitabe kunsi kwa mlatho, Chiye atawagwira mkono, kukathirira anzawo madzi ndi kukumba m'mbale kuona ngati wophika sanayambe ulesi. Atagonekedwa, anthu a pa bala paja anagawana masiku owadikirira, osaphonya ngakhale limodzi. Pa Khirisimasi malemu anaimbira foni Biswick. Mawu anali atatha, koma anamveka: “Achimwene, kakatoni kaja musakataye.” Biswick anapita kwa amalume awo a malemu, ndipo malo anasonyezedwa, kumanja kwa manda a mayi awo. Malemu anatisiya pa 3 Febuluwale 2025, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Viza ya Biswick inatuluka patapita masiku asanu ndi anayi.

Biswick anafika Lachisanu, mochedwa monga mwa chizolowezi chake, n'kupeza banja ndi anzawo a malemu akumudikira kunsi kwa mlatho kuja. Anatulutsa kakatoni n'kukaika pa tebulo. Palibe amene anakana dzanja la malemu, ndipo za ulendo Amalawi a kuno anali atakonza kale. Mayi Ivy anati panganolo analidziwa kuyambira tsiku lomwe linalembedwa, ndipo chimene anene alamu awo, Biswick, chomwecho chichitika. Pamenepo Chiye anachotsa beseni pamsomali, anagwada pa simenti ya bala, n'kumuthirira madzi m'manja. Mwanayu Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Tsiku limenelo anayankhula chathu, liwu limodzilimodzi: “Ankolo, basi ya kuno sifika ku Ntcheu. Ndikawasowa adadi, ndizikwera chiyani?” Madzi anali akudonthabe m'zala za Biswick. Anzawo a malemu anamusunthira mbale imene ena anali atadya kale pamwamba. Iye anakumba pansi. Ndiwo zinalipo.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Ivy Kalimanjira. Mwana wamwamuna, Themba, ndi mkazi wake Marjorie. Mwana wamkazi, Chiyembekezo. Adzukulu awiri, Lumbani ndi Miriam. Alongo awo atatu ndi mng'ono wawo mmodzi ku Ntcheu. Amalume awo, bambo Weston Kadango, amene akutimvera pa foni pamodzi ndi mudzi wonse wa Chimwala. Ndiponso onse amene anatambasulapo manja awo pa beseni labuluu.

Angozo, pumulani mu mtendere.

Pangano lija Biswick walimasula, ndipo abwerera ku Ntcheu Lachiwiri, yekha. Malemu tiwaika masana ano, konkuno ku Lewisham.