Kasingano ka Geji ya Oyilo Kanaima pa 45

Ine, amene anthu amanditchula kuti Nagirizi, mayi wa zaka 43, wokhala m'nyumba ya kuseri kwa bwalo la matabwa la banja lathu, makanika wa injini za dizilo, ndikunena izi mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza.

Thirakitala imene inachita ngozi Lachitatu ndi yofiira, yakale kwambiri. Malemu bambo athu anaigula ine ndisanabadwe. Ndakhala ndikuikonza kwa zaka makumi awiri. Bwalo la matabwa amaliyang'anira ndi achimwene anga, amene ali akulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Woyendetsa thirakitalayo ndi bambo amene timawatchula kuti a Nkhono chifukwa sathamanga. Agwira ntchito kwathu zaka khumi ndi zitatu. Makutu awo samva bwino. Amakonda kunena kuti makutu anapuma pa ntchito, anatsala ndi maso. Phokoso la injini saliweruza ndi khutu ngati ine. Amadalira geji.

Geji ya oyilo ndi kachitsulo kozungulira, ka galasi, kamene kali kumanja kwa chiwongolero. Kasingano kake kamasonyeza mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo mu injini. Thirakitala iyi ikakhala bwino, kasinganoko kamakhala pakati pa 40 ndi 50. Kakatsika kupitirira 20, uyenera kuzimitsa. Injini ikazima, kamagwera pa ziro.

Lolemba cha m'ma 2 koloko masana ndinailiza thirakitala m'galaja kwa mphindi makumi atatu. Itatentha, kasingano kanatsikira pa 12. Ndinamanga geji yanga yoyezera kuti ndione ngati yolakwa ndi geji. Nayonso inasonyeza 12. Pansi pa injini pankamveka kugogoda. Ndinamasula sefa ya oyilo n'kupezamo tizitsulo tonyezimira ngati mchenga. Izi zikutanthauza kuti mabeling'i, zitsulo za m'kati mwa injini, adyeka. Oyilo analimo wokwanira, koma sankafika kumene akufunika.

Ndinaitana achimwene n'kuwaonetsa tizitsuloto pa chala. Ndinawauza kuti injini iyenera kutsegulidwa ndipo ntchitoyo idzatenga masabata awiri. Iwo anati lole ya wogula matabwa ikubwera Lachisanu, pomwe mitengo ikadali kunkhalango. Mawu awo ndikuwakumbukira: "Iwe mlongo, thirakitala iyi inagogoda bambo ali moyo. Ndi chifuwa cha ukalamba chabe." Ine ndinati: "Achimwene, a Nkhono akaona 12 sakwera." Anati: "Ndamva."

Ndinalemba ndi choko pa boneti kuti OSAYENDETSA. Kiyi ndinaika m'thumba. Thirakitala iyi imalira ngakhale popanda kiyi, ukagundanitsa mawaya awiri pa sitata. Aliyense wa pabwalo amadziwa zimenezi. A Nkhono kunalibe Lolemba ndi Lachiwiri, anali kuchipatala ndi akazi awo. Sindinawaimbire foni kuwauza za injini.

Lachitatu cha m'ma 6 koloko m'mawa ndinali m'bafa ndikusambitsa mayi athu, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinamva thirakitala ikulira. Kuchoka kunyumba kufika kugalaja ndi mamita pafupifupi makumi asanu ndi atatu. Ndinaganiza kuti achimwene akungoitulutsa kuti asese. Sindinatuluke. Ndinamaliza kusambitsa mayi, kuwaveka ndi kuwamwetsa mankhwala.

Ndinafika kugalaja 7:20. Thirakitala ndi ngolo yake kunalibe. Pansi panali chisanza chonyowa, choyera ndi choko. Pa tebulo langa la zida panali sukuludiraiva yaing'ono ndi kachubu ka guluu kotsegula. Lachiwiri madzulo potseka, zinthu ziwirizi sizinali pa tebulo.

Ndinaimbira achimwene. Anati ali kumsika wa zitsulo. Ndinafunsa kumene kuli thirakitala. Anati: "Ulendo umodzi wokha, mlongo. Ndinaitenthetsa ndekha, a Nkhono anaipeza ikulira bwinobwino." Kenako anadula foni. Ndinaimbira a Nkhono. Foni yawo inalira m'jekete lawo limene linali pa msomali m'galaja momwemo.

Ndinatenga njinga yamoto n'kulowera kunkhalango, mtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Pa kilomita yachisanu pali mlatho, ndipo kutsidya kwake msewu umakwera phiri. Ndinafika pamlathopo cha m'ma 8:30, chifukwa njingayo inandivuta kulira. Ndinaona thirakitala ikutsika phirilo, mamita ngati zana limodzi ndi makumi asanu kuchokera pamene ndinali. Ngolo inali yodzaza mitengo isanu ndi itatu ikuluikulu. Pamwamba pa mitengo panakhala bambo wocheka matabwa amene amagwira ntchito kwathu. Ngoloyo ilibe mabuleki ake.

Thirakitala inkayenda pang'onopang'ono, pa giya yotsika. Munthu woyenda ndawala akanatha kuipitirira. Kugogoda kwa injini ndinakumva ndili pamlatho. Ndinasiya njinga pansi n'kuthamanga chokwera, ndikukweza manja onse awiri. Ndinakuwa kuti azimitse. A Nkhono anandiona. Anayang'ana pa geji, anailoza ndi chala, kenako anandikwezera chala chachikulu.

Nditatsala ndi mamita ngati makumi anayi, injini inalira ngati nyundo pa chitsulo kawiri, n'kukhala chete. Matayala akumbuyo anaima pomwepo n'kuyamba kukhukhuluzika pa miyala. Ngolo inakankha thirakitala kumbuyo n'kuipinda cham'mbali. Zonse zinagwera kumanzere, m'ngalande. Unyolo womanga mitengo unaduka. Wocheka matabwa anagwa pansi, ndipo mtengo umodzi unamugudubukira pachifuwa.

Ndinafika kaye kwa wochekayo. Ankapuma koma sankayankha. Amuna atatu amene ankalima pafupi anabwera, ndipo tinachotsa mtengowo ndi mipini ya makasu. Kenako ndinapita kwa a Nkhono. Mwendo wawo wamanzere unapanikizika pansi pa madigadi, chitsulo chophimba tayala. Sankanunkha mowa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Nagirizi, geji ili bwino. Taona wekha. Ine sindinalakwe."

Ndinayang'ana. Injini inali yozima, utsi ukutuluka pa chivindikiro cha oyilo. Kasingano kanali pa 45. Ndinagogoda galasi ndi chala katatu. Sikanasunthe. Mkombero wogwira galasi unali ndi zokanda zatsopano, zowala. Patsinde pa kasingano panali kadontho kouma.

Amuna aja atawasolola a Nkhono, galimoto yodutsa inatenga ovulala awiriwo cha m'ma 9:15. Achimwene anafika 10 koloko, apolisi a pamsewu anafika patapita theka la ola. Ndinamva achimwene akuuza wapolisi kuti dalaivala ankathamanga ndipo mwina sanathire oyilo m'mawa. Wapolisi anandifunsa ngati ndili ndi choonjezera. Achimwene anali ataima pambali panga. Ndinati ayi. Apolisi atayeza msewu analola kuti thirakitala ikokedwe. Inalowa m'galaja 4 koloko madzulo. Ndinatseka ndi loko wanga watsopano m'malo mwa wakale.

Lachinayi masana wocheka matabwa anamwalira kuchipatala. Wasiya mkazi ndi ana atatu. Madzulo ake akazi a a Nkhono anabwera kunyumba. Anandiuza kuti mwendo wa amuna awo wadulidwa pansi pa bondo, ndipo pafupi ndi bedi lawo pakhala wapolisi. Anandifunsa ngati ndi zoona kuti akatuluka akupita kundende. Ndinawapatsa madzi akumwa.

Lero Lachisanu, 6:30 m'mawa, ndinapeza achimwene pakhomo la galaja. M'dzanja lamanja anali ndi spana ya 14, m'dzanja lamanzere geji ina yakale imene tinachotsa ku jenereta. Loko anali ndi zizindikiro za nyundo koma sanathyoke. Anandiuza kuti nditsegule. Ndinafunsa chimene akufuna m'katimo.

Anati: "Mphindi zisanu zokha. Wafayo wafa, sadzuka ndi geji."

Ndinati: "A Nkhono sanafe."

Anati: "Ndi nkhalamba yolumala, khoti liwamvera chisoni. Ine akanditenga, mayi uwanyamula ndi ndani kupita nawo kuchipatala? Tinayamwa bere limodzi, iwe."

Ndinaima kutsogolo kwa chitseko. Anandiyandikira mpaka spana inakhudza ovololo yanga. Kenako mayi anaitana dzina langa kuchokera kunyumba, kawiri. Achimwene anatembenuka kuyang'ana kunyumbako. Anaika spana ndi geji pansi, n'kukhala pa tayala lakale limene lili pakhomopo.

Anati: "Ndimati thirakitalayo ifika. Zaka zonsezi imafika."

Ndinapita kukaona mayi. Ankafuna kutembenuzidwa. Nditatuluka 7:10 achimwene anali pa tayala pomwepo. Ndinawauza kuti ndikupita kupolisi. Anati: "Ukapita, usadzanditchulenso achimwene." Ndinati: "Ndamva, achimwene." Ndinapempha mayi wa nyumba yoyandikana nafe kuti akhale ndi mayi athu, ndiponso amuna awo kuti aime pagalaja mpaka apolisi afike.

Ndafunsidwa ngati ndinaona munthu akutsegula geji kapena kuthira guluu. Sindinaone. Ndafunsidwa ngati a Nkhono akanatha kudziwa kuti geji yaima. Akanadziwa zikanakhala kuti anailiza okha, chifukwa akanaona kasingano kali m'mwamba injini isanalire. Anaipeza ikulira kale. Ndafunsidwanso chifukwa chimene sindinanenere izi Lachitatu pamsewu. Yankho ndilibe.

Kiyi wa loko, sefa ya oyilo, sukuludiraiva ndi kachubu ka guluu ndazipereka m'manja mwa wapolisi amene akulemba. Geji ikadali pa thirakitala. Ine sindinaimasule.

Ndawerengeredwa zonse ndipo palibe chimene ndikufuna kuchotsa. Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Siginecha ya mboni: ____________________

Wapolisi wolemba umboni: ____________________